Qurbani: Asilamu akazinga mbuzi pa Idi, nsembeyo imapita kwa yani?

Mbale ija inafika dzuwa litakwera kale, itavundikiridwa ndi mbale inzake. Anabwera nayo ndi mwana wa aneba athu a kuseri kwa mpanda, atavala mkanjo woyera watsopano ndi kachisoti kumutu. Anagwada pakhonde nati, "Agogo, akuti bambo landirani nyama ya Idi." Mayi anga analandira ndi manja awiri, nathokoza, namuuza kuti akapereke moni kunyumba. Mwanayo atangokhota pampanda, mayi anavundukula mbale. Munali nthuli za mwendo wa mbuzi, nthiti zingapo ndi kachidutswa ka chiwindi. Anandiyang'ana nandifunsa chapansipansi: "Iwe, imeneyi si nyama yansembe? Tingadye ife?"

Funso limeneli si la mayi anga okha. Ndalimvapo kuno ku Ulongwe, ku Domwe, ngakhale m'chapa popita ku Zobue. Kalembera wa 2017 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'Mozambique muno, pafupifupi 19 ndi Asilamu, koma ambiri mwa iwo ali ku Niassa, ku Nampula ndi ku Cabo Delgado. Kuno ku Tete alipo ochepa, choncho ambirife mwambowu timangouonera pamwamba pa mpanda. Chomwe chimatisokoneza kwambiri ndi mawu oti "nsembe". Mawu amodzi omwewa timatchulira ufa ndi mowa wothira mizimu ya makolo, timatchuliranso nsembe za m'Baibulo, kenaka timawagwiritsanso ntchito pa mbuzi ya Idi. Ine si Msilamu, koma ndakhala moyandikana ndi Asilamu zaka zambiri, ndipo ndimaona kuti munthu asanalandire kapena kukana mbale ya mnansi wake, ndi bwino adziwe chimene mwini mbaleyo akutanthauza.

Mayina ake ndi nthawi yake

Asilamu ali ndi Idi ziwiri. Yoyamba, Idul Fitr, imabwera akamaliza kusala mwezi wa Ramadhani. Yachiwiri ndiyo Idul Adha, Idi yozinga ziweto. Imeneyi imagwa pa 10 mwezi wa Dhul Hijja, mwezi wa 12 komanso womaliza pa kalendala ya Chisilamu, nthawi yomwe opita ku Haji amakhala ali ku Makka. Kalendala imeneyi imatsata mwezi wakumwamba, monga mmene makolo athu ankawerengera akaona kuti mwezi wakhala. Chaka chake chili ndi masiku 354 kapena 355, motero Idi imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2007 inagwa mu Disembala anthu ali yakaliyakali kupalira, mu 2024 inagwa pakati pa Juni chisanu cha ku Angonia chitalimba, ndipo pamatenga zaka pafupifupi 33 kuti izungulire nyengo zonse.

Kuzinga kwa pa Idi imeneyi ndiko kumatchedwa Qurbani. Mawu oti Qurbani ndi ochokera ku Chiarabu, ku tsinde la mawu lotanthauza kuyandikira. Qurban ndi chinthu chimene munthu amayandikira nacho kwa Mulungu. Owerenga Baibulo anakumana nawo kale mawuwa pa Marko 7:11, pamene pali "Korban", chifukwa Chiarabu ndi Chiheberi ndi zinenero zapachibale. Katchulidwe koti Qurbani kanazolowereka ku Persia ndi ku India, ndipo kumwera kwa Africa kuno kanafala kwambiri ndi Asilamu achimwenye. M'mabuku a malamulo a Chisilamu dzina lake ndi udhiya, kuchokera ku mawu otchulira m'mawa dzuwa litakwera, nthawi yomwe ntchitoyi imayambika.

M'Chichewa Asilamu sanena kuti kupha mbuzi. Amati kuzinga. Kupha n'kuchotsa moyo mwa njira iliyonse, pamene kuzinga n'kudula pakhosi ndi mpeni wakuthwa mutatchula dzina la Allah.

Ibrahim ndi mwana wake

Gwero la mwambowu lili mu Qur'an, Sura 37, kuyambira ndime 100 mpaka 111. Mneneri Ibrahim, yemwe Akhristu amamutcha Abrahamu, anapempha Mulungu mwana, ndipo anapatsidwa. Mwanayo atakula kufika poyenda ndi bambo wake ku ntchito, Ibrahim analota akumuzinga. Apa nkhani ya mu Qur'an ili ndi kanthu komwe kamandigwira mtima nthawi zonse: bamboyo sanabise. Anamuuza mwanayo malotowo namufunsa maganizo ake. Mwanayo anayankha kuti bambo achite zimene alamulidwa, ndipo Mulungu akafuna adzamupeza ali wopirira. Onse awiri atagonja, bambo atamugoneka mwana chamumphumi, kunamveka mawu oitana Ibrahim kuti wakwaniritsa malotowo. Mwanayo anawomboledwa ndi chozinga chachikulu, chimene omasulira Qur'an amati chinali nkhosa yamphongo.

Mawu oti "atagonja" m'ndimeyi ndi a tsinde limodzi ndi mawu oti Islam. N'chifukwa chake Asilamu saiona nkhaniyi ngati nthano ina mwa nthano zambiri. Kwa iwo dini yonse yafotokozedwa m'kanthawi kameneka: munthu kupereka chimene akuchikonda koposa, Mulungu n'kukana magazi a mwana.

Kodi mwanayo anali yani? Genesis 22 imati anali Isake. Qur'an m'ndime zimenezi simutchula dzina. Asilamu ambiri lero amati anali Ismail, mwana woyamba, wobadwa mwa Hajar, ndipo amaloza kuti nkhani ya kubadwa kwa Ishaq, yemwe ndi Isake, ikubwera pambuyo pa nkhani ya kuzingayi m'sura momwemo. Koma m'zaka zoyambirira za Chisilamu ophunzira anasiyanapo maganizo. Al-Tabari, yemwe anamwalira mu 923, anapendekera kwa Ishaq, pomwe Ibn Kathir, yemwe anamwalira mu 1373, anaima nji pa Ismail. Ndikutchula izi chifukwa mkangano wa mwana uti umatentha pakati pa achinyamata athu a zipembedzo ziwirizi, ngati kuti unayamba dzulo.

Chimene chimafika kwa Mulungu

Pano ndiye pagona yankho la funso la mayi anga. Qur'an, Sura 22 ndime 37, imanena mosazungulira kuti nyama ya ziwetozi sifika kwa Allah, magazi ake safikanso, koma chimene chimafika ndi kuopa Mulungu kochokera mwa inu. Mawu a Chiarabu ndi taqwa, kutanthauza mtima wokhala tcheru pamaso pa Mulungu.

Ndimeyi inali kuwongola chizolowezi chenicheni. Aluya a Chisilamu chisanafike ankazinga ziweto pa miyala yoimika, n'kupaka magazi pa miyalayo, ndipo omasulira akale amafotokoza kuti ankawazanso magazi pa Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Makka. Chisilamu sichinathetse kuzinga. Chinachotsa miyala, chinachotsa mayina a milungu ina, chinachotsanso ganizo loti Mulungu amadya kapena kumwa kanthu. Sura 5 ndime 3 imaletsa kudya chozingidwa pa miyala yotere kapena chozingidwa m'dzina la wina aliyense wosakhala Allah. Motero pa Qurbani palibe guwa, palibe moto wopsereza, palibe wansembe woimira anthu, palibenso gawo la nyama lomwe limasiyidwa penapake kuti ndi la Mulungu. Magazi amatsikira m'dzenje n'kukwiriridwa, chifukwa Msilamu saloledwa kuwadya.

Tiyerekeze ndi mwana yemwe wakolola munda wake woyamba. Amasankha chimanga chabwino koposa n'kupita nacho kwa kholo lake, lomwe nkhokwe zake n'zodzaza mpaka kudenga. Khololo silikusowa chimanga. Limamuuza kuti kagawire azing'ono ako ndi gogo wa kuseriko, iwenso udyeko. Chimanga chonse chabwerera kwa anthu, koma pali chimene kholo lalandira: laona kuti mwanayu akukumbukira kumene anapeza mbewu ndi munda.

Tsono kusiyana kwake ndi nsembe za makolo athu kukuoneka. Mvula ikavuta kapena matenda akalowa m'mudzi, akuluakulu ankapita kukachisi kapena patsinde pa mtengo ndi ufa ndi mowa, n'kuitana mizimu kuti iwanenere kwa Chauta. Angoni a kuno ankapha ng'ombe n'kutchula mayina a makolo awo. M'miyambo imeneyi mizimu ili pakati, ndipo nsembe imapita kwa iyo kapena imadzera mwa iyo. Pa Qurbani kutchula dzina la kholo, la mzimu, ngakhale la Mtumiki Muhammad, ngati wolandira, kumaononga chozingacho. Kufanana kulipo ndithu, poti konse anthu amathera pa kudyera limodzi, ndipo Qur'an yomwe, Sura 22 ndime 34, imati mtundu uliwonse wa anthu unapatsidwa mwambo wake wozinga. Koma wolandira ndi njira yake n'zosiyana.

Ndi nsembe za m'Baibulo kusiyana kuli pa magazi. Levitiko 17:11 imati magazi ndiwo achita chotetezera, ndipo Akhristu amakhulupirira kuti imfa ya Yesu inali nsembe imodzi yokwanira, n'chifukwa chake saperekanso ziweto. Chisilamu sichiphunzitsa kuti moyo wina ungasenze machimo a wina. Sura 6 ndime 164 imati palibe wosenza adzasenze mtolo wa mnzake. Msilamu amayembekeza malipiro kwa Mulungu pa Qurbani monga pa ntchito ina iliyonse yabwino, koma mbuziyo sifa m'malo mwake. Chikhululuko amachifuna mwa kulapa. Anthu awiri angathe kuwerenga nkhani ya Abrahamu imodzimodziyo, Mkhristu n'kuonamo chithunzi cha mtanda, Msilamu n'kuonamo chitsanzo cha kugonja.

Chiweto, nthawi ndi mpeni

Ziweto zololedwa ndi nkhosa, mbuzi, ng'ombe ndi ngamila. Nkhuku silowa, ngakhale itanona bwanji. Mbuzi ikhale itakwanitsa chaka, ndipo otsatira kamvedwe ka Imamu Shafi'i, mmodzi wa aphunzitsi akale a malamulo a Chisilamu, amati zaka ziwiri. Ng'ombe ikhale ya zaka ziwiri, ngamila zisanu. Mbuzi kapena nkhosa ndi gawo limodzi, pamene ng'ombe angasonkherane anthu mpaka asanu ndi awiri, monga timasonkherana ng'ombe ya Khrisimasi, kungoti aliyense wa iwo amalowamo ndi niya, cholinga cha mumtima, chopembedza. Hadisi yodziwika, ndiye kuti mawu osungidwa a Mtumiki, imatchula zilema zinayi zokanitsa chiweto: chofa diso moonekeratu, chodwala moonekeratu, chotsimphina moonekeratu, ndi choonda mpaka kutha mafuta m'mafupa. N'chifukwa chake masiku a Idi ogula mbuzi amaitsegula pakamwa kuona mano, amaiyang'ana m'maso, amaiyendetsa. Ogulitsa a ku Changara ndi ku Marara, kumene kumachokera mbuzi zotchuka zodya masawu ndi malambe, amaidziwa bwino nyengo imeneyi.

Nthawi imayamba swala ya Idi, ndiye kuti pemphero la tsikulo, ikatha. Mmodzi wa otsatira a Mtumiki, Abu Burda, anazinga swala isanachitike, ndipo anauzidwa kuti imeneyo ndi ndiwo chabe za banja lake. Nyama yomweyo, mpeni womwewo, koma nthawi yasintha tanthauzo. Kuzinga kumapitirira pa 11 ndi pa 12 mwezi womwewo, ndipo a Shafi'i amawonjezera pa 13.

Chaka china aneba anandiitana kuti ndikaone. Anali atakumba kadzenje kuseri kwa nyumba. Mpeni ananolera kutali, mbuzi isakuona, ndipo mbuzi yachiwiri anaimangirira kuseri kwa khitchini kuti isaone inzake. Anaipatsa madzi, naigoneka chakumanzere itayang'ana ku Makka, komwe kuchokera kuno ndi kumpoto kopendekera pang'ono kum'mawa. Bamboyo anati "Bismillahi, Allahu Akbar," nadula kamodzi mwachangu kholingo, kummero ndi mitsempha ya magazi. Panalibe kufuula, panalibe kuseka. Ana anaima chete. Mtumiki analamula kuti wozinga anole mpeni wake ndipo asazunze chiweto, ndipo iye mwini anazinga ndi dzanja lake nkhosa ziwiri zamphongo zanyanga. Zimene ndinaona tsiku lija zinali ulemu kwa chamoyo chimene chikufa kuti anthu adye.

Nyama imapita kuti

Sura 22, ndime 28 ndi 36, imalamula kuti mudyeko, mudyetsenso wosauka, wopempha ndi wosapempha yemwe. Apa m'pamene pachokera chizolowezi chogawa patatu: gawo la pakhomo, gawo la abale ndi anansi, gawo la osauka. Kugawa patatu ndi chilimbikitso, si lamulo loyezera pasikelo. Choletsedwa n'kugulitsa nyamayo kapena chikopa chake kuti upindule, ndiponso kulipira wosenda ndi nyama ya Qurbani. Malipiro ake achoke m'thumba.

Pali nkhani ina imene imaonetsa cholinga bwino. Chaka china ku Madina kunafika anthu ovutika ochokera m'chipululu, ndipo Mtumiki analetsa kusunga nyama ya Idi kupitirira masiku atatu. Pambuyo pake anachotsa chiletsocho, nafotokoza kuti anachiika chifukwa cha alendo anjala aja. Lamulo linatsata njala ya anthu.

Mbale ya mayi anga inachokera m'gawo la anansi. Ophunzira ambiri a Chisilamu amalola kupatsa mnansi wosakhala Msilamu, ngakhale ena, makamaka a Shafi'i ndi otsatira kamvedwe ka Imamu Malik (a Maliki), ali ndi mawu osamalitsa pa nkhaniyi. Kumbali ya Akhristu, ena amagwira Machitidwe 15:29, yoletsa zoperekedwa kwa mafano, ena amawerenga 1 Akorinto 10 n'kunena kuti palibe fano apa. Tsiku lija mayi anga anaphika nyamayo ndi tomato. Mnzawo wa mumpingo womwewo anabweza yake mwaulemu, ndipo anebawo sanakwiye.

Kuzinga kwina kosakhala Qurbani

Si mbuzi iliyonse yozingidwa ndi Msilamu yomwe ndi Qurbani. Nyama ya halali ya pamsika yazingidwa motchula dzina la Allah, koma ndi chakudya basi. Akika ndi ya mwana wobadwa, kawirikawiri pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, pamodzi ndi kumumeta ndi kumutcha dzina: mbuzi ziwiri kwa mwana wamwamuna, imodzi kwa wamkazi, ngakhale a Maliki amati imodzi kwa aliyense. Hadyi ndi ya opita ku Haji, yozingidwa ku Mina pafupi ndi Makka. Pa Haji yake yomaliza mu 632, Mtumiki anapereka ngamila 100, nazinga 63 ndi dzanja lake, zotsalazo anazinga Ali, mkamwini wake. Kale nyama yambiri ya ku Mina inkaonongeka chifukwa chochuluka, mpaka mu 1983 pamene Islamic Development Bank inayamba kuyendetsa ntchito yoizinga mwadongosolo, kuiziziritsa ndi kuitumiza kwa osauka m'mayiko ambiri. Palinso chiweto cha dipo kwa amene walakwitsa malamulo ena a Haji. Sadaka ya maliro, yomwe timaidziwa kwa abale athu Achiyao, ndi nkhani inanso, ndipo mashehe amasiyana maganizo pa masiku ake ndi kachitidwe kake.

Zomwe zikadali pa mkangano

Funso loyamba n'loti kodi Qurbani ndi yokakamiza. A Hanafi, omwe Asilamu ambiri achimwenye amawatsata, amati ndi wajibu, kutanthauza chokakamiza, kwa aliyense amene ali ndi chuma chofika mlingo wina pamwamba pa zosowa zake. A Shafi'i, omwe ali ambiri pakati pa Ayao ndi Amakua, pamodzi ndi a Maliki ndi a Hanbali, amati ndi sunna, chizolowezi cha Mtumiki cholimbikitsidwa kwambiri koma chosakakamiza. Onse amagwirizana kuti wosauka sakakamizidwa. Komabe manyazi a pamudzi samvera mabuku, ndipo pali abambo amene amakongola ndalama kuti ana awo asaone mbuzi kwa aneba okha. Kodi ngongole yotero ndi kudzipereka kapena ndi mtolo womwe dini sinaike? Mashehe sayankha mofanana.

Chachiwiri n'chovuta koposa. Ngati chofika kwa Mulungu ndi mtima, bwanji osangopereka ndalama za mbuziyo kwa wodwala kapena kulipirira mwana wamasiye sukulu? Ophunzira ambiri amati sadaka ndi yabwino koma silowa m'malo mwa kuzinga, chifukwa kuzingako pakokha ndi pemphero lolamulidwa, monga swala singasinthanitsidwe ndi ndalama. Ena amakono amati nyengo ya njala kapena mliri, kuthandiza anthu mwachindunji kungapambane. Mu February 2025 Mfumu Mohammed VI ya ku Morocco inapempha anthu ake kuti asazinge chaka chimenecho chifukwa chilala chinachepetsa ziweto, monga bambo ake Hassan II anachitira mu 1963, 1981 ndi 1996. Ena anati n'kuchitira chifundo osauka, ena anafunsa ngati boma lili ndi mphamvu pa pemphero la munthu. Ife a ku Tete, amene timadziwa zimene chilala chimachita ku makola a kumwera kwa Zambezi, funsoli silitalikira.

Palinso nkhani ya tsiku. Ena amatsata kuoneka kwa mwezi ku Saudi Arabia, ena amadikira uoneke kuno, choncho zimachitika kuti mizikiti ya m'tauni imodzi iswali Idi masiku osiyana. Ku boma nako nkhani sinathe. Mu 1996 nyumba ya malamulo ku Maputo inavomereza kuti Idi ziwirizi zikhale maholide a dziko lonse, koma Pulezidenti Joaquim Chissano sanasaine, ndipo khoti lalikulu linati lamulolo likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, omwe salola boma kukondera chipembedzo. Lero boma limangopereka tolerância de ponto, chilolezo chosapita ku ntchito tsikulo. Ena amati n'zokwanira, ena amaloza 25 Disembala, lomwe ndi holide ya onse ngakhale limatchedwa Dia da Família.

Ku Ulaya mkangano uli pa kukomola chiweto chisanazingidwe. Denmark inaletsa kuzinga kosakomola mu 2014, zigawo za Flanders ndi Wallonia ku Belgium zinachita chimodzimodzi mu 2019, ndipo khoti la European Union linati mu Disembala 2020 mayiko ali ndi ufulu wotero. Oteteza ziweto amati kukomola kumachepetsa ululu. Asilamu ndi Ayuda ambiri amati mpeni wakuthwa m'dzanja lodziwa suzunza, ndipo amaopa kuti chiweto chingafe chisanazingidwe, chomwe chingaisandutse nyamayo haramu, yoletsedwa kudya. Pakati pa Asilamu penipeni alipo olola kukomola kosapha. Kwathu kuno nkhawa yapafupi ndi ina: nyama yozingidwa pakhomo siona dokotala wa ziweto, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka kayendedwe ka ziweto osayang'ana kalendala ya Idi.

Chomaliza ndi Qurbani yotumizidwa. Msilamu wa ku London kapena ku Durban amalipira bungwe pa intaneti, ng'ombe n'kuzingidwa m'mudzi wa ku Africa umene iye sadzaupondamo. Mabanja omwe sanalawe nyama miyezi yambiri amadya, ndipo palibe angapepule zimenezo. Ophunzira ambiri amalola kutuma wina kuzinga m'malo mwako. Koma ena amafunsa chimene chatsala kwa woperekayo ngati sanasankhe chiweto, sanachione, ana ake sanaime chete pafupi ndi dzenje lija. Kumbali ya olandira nako kuli mafunso: ndani amalemba mayina a olandira, Asilamu okha kapena mudzi wonse, ndipo kodi n'koyenera kuti gogo wa m'mudzi ajambulidwe atanyamula jumbo ya nyama kuti wopereka akhulupirire kuti ndalama yake inafika?